Nthabwala ili ndi eni ake

Dzuwa likamapendeka pa Kamwendo m'boma la Mchinji, amayi ogulitsa tomato akamalongedza madengu awo ndipo anyamata a kabaza akamawerenga zomwe apata tsikulo, anthu amayamba kuunjikana pakhonde la golosale iliyonse yomwe ili ndi wailesi ya kanema. Tsiku lomwe kulibe mpira, chomwe chimawasunga pamenepo mpaka mdima ndi nthabwala. Ena sayang'ana n'komwe kanema wa pagolosaleyo, amangopanikizana anayi kapena asanu pa foni imodzi.

Nthabwala zomwe zikukoka anthu kwambiri masiku ano ndi zija za mafunso. Mnyamata amanyamula maikolofoni n'kuimitsa munthu pamsika, kapena kumukhazika pampando ngati mlendo wolemekezeka, kenaka n'kumuponyera funso lopanda mutu nkhope ili gwa, ngati akufunsa za mtengo wa feteleza. Wofunsidwayo amachita chibwibwi, amayang'ana uku ndi uku, ndipo kusowa chonena kwakeko ndiye ndiwo ya oonera.

Achinyamata amafa nalo phwete. Koma pambali pawo sipalephera kukhala bambo kapena mayi wachikulire amene akungopukusa mutu, chifukwa kwa iye chomwe waonacho ndi chipongwe. Kusamvanaku sikuli pa Kamwendo pokha. Kumamveka pa Mkanda, pa Kapiri, pa Waliranji, paboma, ngakhalenso m'nyumba momwe makolo ndi ana amaonera limodzi kanema akatha kudya nsima yamadzulo.

Masiku a Izeki ndi Jakobo

Odandaulawo si anthu odana ndi kuseka ayi. Ambiri mwa iwo adakula akumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC, nthawi yomwe banja lonse linkazungulira wailesi imodzi ya mabatire. Nthawi imeneyo, potsatira lamulo la 1968 loona za zisangalalo, sewero lokachitika pagulu linkayenera kuyamba launikidwa ndi bungwe la Censorship Board. Azisudzo adaphunzira kulasa mokuluwika, kunena chinthu popanda kuchitchula dzina.

Wailesi ya kanema ya TVM itayamba kuulutsa mu April 1999, anthu ambiri adayamba kuona nkhope za akatswiri omwe ankangowamvera mawu. Omwe adatenga mitima ya mabanja kuposa ena ndi Izeki ndi Jakobo, omwe maina awo enieni adali John Nyanga ndi Eric Mabedi, a gulu la zisudzo la Kwathu. Zida zawo zidali zochepa. Amuna awiri kuima n'kumatsutsana pa nkhani yooneka yaing'ono, wina akudzionetsa wanzeru, mnzake akumva zonse mokhotakhota, mpaka wanzeru uja n'kusowa pogwira.

Nyanga adamwalira mu May 2016 ndipo Mabedi adatsatira mu August 2021, koma mpaka lero achikulire akafuna kuyeza wanthabwala watsopano amamuyeza ndi awiriwa. Mfundo yawo ndi yakuti m'nthabwala za Izeki ndi Jakobo, chitsiru chinkakhala mmodzi wa iwo eni. Iwo ndiwo ankasenza manyazi, ndipo woonera ankabwerera kwawo ataseka komanso atadziona yekha pagalasi.

Akale adati wamisala adaona nkhondo, ndipo Amalawi akhala akumvera azisudzo awo kuposa momwe ena amaganizira. Michael Usi, yemwe adatchuka ngati Manganya m'sewero la Tikuferanji lophunzitsa za Edzi ndi mavuto a m'banja, adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino kuyambira mu June 2024 mpaka mu October 2025. Bon Kalindo, yemwe ambiri amamudziwa ngati Winiko, adasankhidwa kukhala phungu wa kummwera kwa boma la Mulanje mu 2014, ndipo mu 2016 adatsogolera zionetsero mu Lilongwe zokwiya ndi kuphedwa kwa anthu achialubino. N'chifukwa chake makolo satenga nthabwala ngati masewera a ana. Amadziwa kuti chomwe anthu akuseka lero chimaumba maganizo awo mawa.

Funso lopanda manyazi

Nthabwala yofunsa mafunso osakhala bwino sidayambire kuno. Yemwe adaitchukitsa kwambiri pa kanema ndi Sacha Baron Cohen wa ku Britain. Mu 2000 iye adayamba pologalamu yake pa wailesi ya Channel 4 akudzitcha Ali G, mnyamata wovala matcheni m'khosi wooneka ngati sadapite patali ndi sukulu. Anthu otchuka ankavomera kucheza naye poganiza kuti akulankhula kwa achinyamata, osadziwa kuti alowa m'diwa.

Mmodzi mwa omwe adagwamo ndi Buzz Aldrin, munthu wachiwiri kuponda pamwezi mu 1969. Ali G adamufunsa ngati tsiku lina munthu adzayende padzuwa, ndipo atauzidwa kuti dzuwa n'lotentha kwambiri, adafunsanso ngati sizingatheke kupitako nyengo yozizira. Chomwe chinkaseketsa si funsolo lokha ayi, koma kuona munthu wophunzira akuvutika kuyankha mwaulemu zinthu zopanda pake.

Ku America, Zach Galifianakis adatenga njira yofananayo m'pologalamu ya Between Two Ferns, koma alendo ake ankadziwiratu kuti akukanyozedwa. Mu March 2014, Barack Obama ali mtsogoleri wa dzikolo adakakhala pampando umenewo, n'kulandira chipongwe komanso kubwezera, cholinga chake chili choti achinyamata amve uthenga wolembetsa inshuwalansi ya chipatala.

Kuno kwathu, khutu la oonera lidazolowera funso losazungulira kudzera m'mapologalamu omwe si a nthabwala n'komwe. Brian Banda adatchuka pa Times TV chifukwa chopanikiza andale mpaka thukuta kamukamu. Joab Frank Chakhaza m'pologalamu ya Cruise 5 pa Zodiak adazoloweza anthu kumva mlendo akufunsidwa m'Chichewa chomveka bwino zinthu zomwe kale zinkangonong'onedwa. Mafoni otha kujambula atafika m'manja mwa aliyense, anyamata ambiri adatenga funso losazunguliralo, n'kuchotsamo utolankhani, n'kutsala ndi kuseketsa kokha. Zojambula zawozo amazimwaza pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp.

Achinyamata ali ndi mfundo

Okonda nthabwala zamtunduwu sakuseka chisawawa. Iwo amati kwa zaka zambiri munthu wamkulu akafika pamudzi ankangolandiridwa ndi magule, n'kuwerenga zomwe amulembera, n'kukwera galimoto popanda womufunsa kanthu. Funso losayembekezereka limamuchotsa papepala lija, ndipo anthu amaona munthu weniweni. Kwa mlimi wa mtedza kapena soya wa ku Mchinji amene wagona pamzere kudikira feteleza wotsika mtengo, kuona bwana akusowa mawu kwa mphindi imodzi n'chimodzimodzi kubwezeredwa pang'ono.

Amatinso nthabwala zokonzeratu zija zimadziwika komwe zikupita zisadafike pakati, pomwe za mafunsozi palibe amene amadziwa chomwe chituluke, ngakhale wofunsa yemwe. Ena amakumbutsa makolo awo kuti iwonso ankadzaza m'mavidiyo sho kukaonera mafilimu a Leon Schuster wa ku South Africa, yemwe ankadzibisa nkhope n'kumaputa anthu osadziwa kanthu kamera itabisika. Ngati izo zidali zoseketsa, amafunsa, zalakwika lero n'chiyani?

Koma wogwidwa ndani?

Apa ndiye pomwe achikulire amaimirira. Iwo amati m'zojambula zambiri zomwe zikuyenda m'mafoni, wogwidwa si nduna kapena phungu. Ndi mayi wogulitsa mandasi amene wafunsidwa funso m'Chingerezi, gogo amene sadziwa kuti foni ikumujambula, kapena mnyamata amene adasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi. Bwana ali ndi mlonda pageti ndipo wanthabwala sangamufikire. Wosauka ali pamsika tsiku lonse.

Pamalo aang'ono ngati Kapiri kapena Mkanda aliyense amadziwana. Kanema wa mphindi imodzi akangotuluka, pofika mawa lake yankho lolakwika lija lasanduka dzina la munthuyo. Ana ake amalimva kusukulu, mkazi wake amalimva kuchigayo. Wojambula uja wapita kale kukasaka wina, koma mwini dzina atsala nalo zaka.

Zoterezi zidachitikapo ngakhale kwa katswiri uja Sacha Baron Cohen. Mbali yoyamba ya filimu yake ya Borat, yomwe idatuluka mu 2006, adaijambulira m'mudzi wosauka wa Glod m'dziko la Romania. Filimuyo itapanga ndalama zankhaninkhani, ena mwa anthu a m'mudzimo adakasuma kukhoti ku America ponena kuti sadauzidwe zoona za chomwe chinkajambulidwa, ndipo adaonetsedwa kudziko lonse ngati anthu osatukuka. Mlanduwo sudawakomere, ndipo manyazi adatsala nawo. Munthu yemweyo amene adasangalatsa anthu poputa akuluakulu adasiya chilonda atatembenukira kwa amphawi.

Mwambo udaika kale malire

Anthu a ku Mchinji safunika kuphunzira kunja kuti chipongwe chimatha kukhala chokoma. Bomali lili ndi Achewa ndi Angoni, ndipo mitundu yonseyi ili ndi nthabwala zolasa kuposa zapakanema. Asuweni amanyozana pamaso pa anthu popanda wokwiya. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wawo wamkazi kuti mkazi wawo, mwanayo n'kumawakana kuti akalamba. Pamaliro, adzukulu amatha kutsanzira mayendedwe ndi malankhulidwe a malemu mpaka anamfedwa kumwetulira misozi ili m'maso.

Gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuvomereza mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, ali ndi zilombo monga Simoni ndi Maliya zomwe zimatsanzira alendo ndi makhalidwe awo. Kutsidya kwa chipata cha Mwami, m'dziko la Zambia, Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya, ubale womwe umawalola kunyozana ngakhale kupakana ufa kumaso pamaliro. Nawo akatswiri a m'dzikolo monga Bikiloni ndi Difikoti, omwe nthabwala zawo za m'Chinyanja zimamveka bwino lomwe kwa munthu wa ku Mchinji, adatchuka podzisandutsa okha zitsiru monga ankachitira Izeki ndi Jakobo.

Koma m'miyambo yonseyi muli lamulo limodzi. Nthabwala ili ndi eni ake. Msuweni amanyoza chifukwa mawa nayenso anyozedwa, ndipo onse awiri akudziwa masewera omwe akusewera. Mawu omwewo akanenedwa kwa apongozi ndi mlandu wofunika nkhuku. Mkamwini amapatuka panjira akaona apongozi ake akubwera, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa ubale wawo sulola chibwana. Wanthabwala amene waimitsa mayi wosamudziwa pamsika sali naye pachisuweni. Wadzipatsa yekha ufulu womwe mwambo umapereka kwa anthu odziwana, ndipo mayiyo alibe maikolofoni yoti abwezere.

Poyang'ana bwino, achinyamata ndi makolo awo sakusiyana kwambiri monga amaganizira. Obama adadziwa chomwe akukalowa ndipo adabwezera. Wandale amene wavomera kukhala pamaso pa kamera wavomeranso mafunso ake. Pamenepo ngakhale agogo amaseka. Pomwe pamavuta ndi pamene funso lalunjika kwa munthu amene sadavomere, sakudziwa komwe chithunzi chake chikupita, ndipo sangadziteteze.

Lamulo nalo silidagone

Malamulo aakulu a dziko lino amapereka ufulu wolankhula m'gawo 35, ndipo azisudzo ali ndi chifukwa chouteteza pokumbukira momwe zinthu zidalili chisadafike chaka cha 1994. Koma malamulo omwewo m'gawo 19 amati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu aliyense. Palinso lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti, lomwe limaletsa kuzunza kapena kuvutitsa munthu pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta. Mwana amene akujambula gogo wa pamudzi kuti anzake aseke ayenera kudziwa kuti nkhani yoyamba ngati masewera itha kukathera kwa amfumu kapena kupolisi.

Ntchito yaikulu komabe ili m'nyumba. Foni yomwe mwana akujambulira nthawi zambiri adamugulira ndi makolo atagulitsa mtedza kapena fodya. Kholo lingathe kumufunsa mwanayo funso losavuta asadatumize kanema kwa anzake, lakuti akadakhala amayi ake omwe afunsidwa choncho pamsika wa Kamwendo, kodi akadatumiza? Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Naye wanthabwala wofuna kukhalitsa pantchitoyi sataya kanthu akamuuza munthu chomwe akujambula, n'kumuonetsa zomwe zatuluka, n'kumvera akakana.

Pakhonde la golosale paja, mkangano umatha kutentha mpaka mwini sitolo kuopseza kuti azimitsa kanema. Koma wina akangotulutsa pafoni kanema wakale wa Izeki ndi Jakobo, wosaoneka bwino ndipo mawu ake akulira ngati wailesi yotha mabatire, phokoso limatha. Mnyamata wa kabaza amasendera kuti bambo wachikulire uja aone bwino, ndipo posakhalitsa onse awiri akupukuta misozi ya phwete.