Mawu Otsimikiza Mtima ndi Mawu Ogonjera m'Chikantoni

1. Chiyambi

Chikantoni chimayankhulidwa ku Hong Kong, ku Macau ndi m'chigawo cha Guangdong ku China. M'pepala lino tifuna kuonetsa kuti wophunzira amene angoloŵeza mndandanda wa mawu sangathe kusiyanitsa munthu wotsimikiza mtima ndi munthu amene wagonja. Zitsanzo tazilemba m'kalembedwe ka Jyutping, kamene bungwe la Linguistic Society of Hong Kong lidakhazikitsa mu 1993. Nambala yotsatira phatikizo lililonse isonyeza kamvekedwe ka liwu. Mitundu yake ilipo 6, koma pano tisamale iŵiri: 1 ndi liwu lam'mwamba, 3 ndi lapakati.

2. Mawu ake

(a) gaau2 dim6 'zatheka, zakonzeka'
(b) mou5 baan6 faat3 'palibe njira'
(c) syun3 laa1 'zisiyeni'
(d) sei2 zau6 sei2 laa1 'kufa n'kufa'

Chitsanzo (a) n'chotsimikiza, pamene (b) n'chogonjera. Mu (c), tanthauzo lenileni la mneni syun3 ndi 'kuŵerengera', ngati kuti woyankhula watseka buku la ngongole ndipo sadzalonjereranso. Chovuta ndi (d). Munthu amanena mawuŵa akamayamba chinthu choopsa, kotero kuti kulimba mtima ndi kugonja zakumana m'chiganizo chimodzi.

3. Timawu totsiriza chiganizo

Kaŵirikaŵiri maganizo a woyankhula amabisala m'kaliwu kakumapeto. Taonani mneni zau2 'kuchoka':

(e) ngo5 zau2 laa3 'ndikupita tsopano'
(f) zau2 laa1 'tiyeni tizipita'
(g) gam2 mai6 zau2 lo1 'ndiye tingopita, nanga n'kutani'

Mu (e) woyankhula walengeza zimene watsimikiza. Mu (f) akupempha kapena kukakamiza mnzake. Mu (g) wavomereza chinthu chosapeŵeka, mwina monyinyirika. Laa3 ndi laa1 asiyana kamvekedwe kokha, choncho wophunzira amene akweza liwu pofuna kutsazika angamveke ngati akuthamangitsa anzake.

4. Mathero

Zimenezi sizachilendo kwa ife. M'Chicheŵa "ndapita basi" ndi mawu a munthu wotsimikiza, koma "basi, zachitika" ndi a munthu amene wataya mtima. Tikuganiza tsono kuti mawu otere aziphunzitsidwa m'ziganizo zathunthu zonenedwa mokweza, pakuti buku lotanthauzira mawu silingaphunzitse khutu.