Msewu wathu uja tsopano ndi wa mayiko atatu

Ife amene timadzuka m'bandakucha kupita ku mzikiti m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Liwonde ndi Mangochi tazindikira kanthu. Kale nthawi imeneyo kunkamveka atambala basi, mwina ndi belu la njinga ya munthu wothamangira usipa ku gombe. Masiku ano kumamvekanso mathiraki. Ena manambala ake si akuno, ndipo dalaivala akaima kuti amwe tiyi mumamva akuponyamo mawu a Chipwitikizi. Sanachuluke ngati a ku Mwanza kapena ku Dedza, koma akubwera. Msewu ndi womwe uja, sunasunthe. Chasintha ndi ntchito yomwe aupatsa, ndipo ambiri a ife palibe anatikhazika pansi kutifotokozera.

Nkhani yake ndi iyi. Maboma a Zambia, Malawi ndi Mozambique anagwirizana kuti pakhale njira imodzi yodalirika yochokera ku Lusaka kukafika ku doko la Nacala, ku nyanja ya mchere. M'mapepala awo amaitchula kuti Nacala Corridor. Munthu ukamva dzina lotere umayesa akulambula msewu watsopano m'tchire, koma ayi. Achita zomwe amachita msodzi akakhala ndi zidutswa za ukonde: kuzilumikiza, kusoka pong'ambika, n'kudutsitsa chingwe cholimba m'mphepete kuti ukhale ukonde umodzi. Chidutswa choyamba ndi Great East Road, kuchoka ku Lusaka kuwoloka Luangwa mpaka ku Chipata ndi pa Mwami. Ukalowa kwathu pa Mchinji umatsata M12 kufika ku Lilongwe, kenako M1 kudutsa Dedza ndi Ntcheu mpaka pa Chingeni. Apo umakhotera mu M8 kudzera pa Balaka, n'kudzakumana ndi M3 pafupi ndi Liwonde. M3 ndiye wathuyu: Ulongwe, m'mbali mwa Malombe, Mangochi boma, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera mapiri a Namwera mpaka pa Chiponde. Kutsidya ndi Mandimba, Cuamba, Nampula, ndiye Nacala.

Agogo athu akanamva mayina amenewa sakanadabwa nawo. Njira yochoka ku nyanja yathu kulowera kum'mawa ndi yakalekale. Amalonda a Chiyao ankayenda pansi miyezi, atasenza minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Tisabisenso, m'njira yomweyo munadutsa anthu ogulitsidwa ukapolo. Malire anadza pambuyo, n'chifukwa chake mpaka lero mabanja ambiri a ku Namwera ali ndi azakhali ndi amalume ku Mandimba.

Nanga bwanji Nacala, Beira ilipo? Doko la Nacala ndi lakuya mwachilengedwe, sitima zikuluzikulu zimafika popanda kuyamba akokolola matope pansi monga amachitira ku Beira. Ndipo dziko lopanda doko lake ngati lathuli siliyenera kudalira khomo limodzi. Amene tinalipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tikukumbuka njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitatsekeka, katundu n'kumazungulira kutali, mitengo ya zinthu n'kukwera.

Kukweza msewu wakale kuti ukhale wa mayiko si kuthira phula latsopano pamwamba chabe. Amaukumba n'kulimbitsa pansi kuti upirire thiraki yolemera, amaukulitsa, amaika kamsewu ka m'mbali ka njinga ndi oyenda pansi, amakuza milatho ndi mipope yodutsa madzi, pokhota kwambiri amawongola. Ndi zomwe zinachitika pa makilomita pafupifupi 75 a pakati pa Liwonde ndi Mangochi, ndi ndalama zochokera ku African Development Bank. Ku Lilongwe anamanga msewu wolambalala tauni kuti mathiraki asapanikizane ndi maminibasi. Pa Mchinji ndi Mwami anatsegula mu Disembala 2022 chipata chomwe woyendetsa amaima kamodzi kokha, akuluakulu a mayiko onse awiri n'kumuonera mapepala malo amodzi. Ganizo lomwelo lilipo pa Chiponde ndi Mandimba.

Ubwino wake tauona ndi maso, ndipo tikhala osayamika tikaukana. Tikukumbuka ulendo wina tisanakalambe chonchi, titakwera matola ndi dengu la chambo chachiwisi kupita nacho ku Limbe. Maenje anali oti galimoto ikalowa imatuluka ikulira. Tayala linaphulika kawiri, ayezi anasungunuka tili panjira, ndipo nsomba zomwe tinanyamuka nazo zonyezimira tinakagulitsa pa mtengo wa chisoni dzuwa litapendeka. Lero mwana akanyamuka ndi nsomba m'mawa amakafika zikadali zolimba. Mayi wodwala amafika ku chipatala cha boma asanagwedezeke thupi lonse. Zimenezi si zazing'ono.

Koma walira mvula walira matope. Chomwe chimachititsa boma kukonda kukweza msewu wakale kusiyana ndi kutsegula wina n'chakuti malo alipo kale, milatho ilipo, njira inadziwika. Vuto lilinso pomwepo: msewu wakale uli ndi eni ake. Kwa ife ndi msika, ndi njira ya ana yopita ku sukulu ndi ku madrasa, ndi podutsa maliro, ndi powolokera mbuzi kupita kudambo. Kwa munthu wochoka ku Nampula kupita ku Lusaka, mudzi wathu ndi chinthu chongomuchedwetsa. Iye akufuna liwiro, ife tikufuna kuwoloka. Zonse ziwiri zili pa phula limodzi.

Tiyambe ndi malo. Msewu waukulu wa mtundu wa M uli ndi malo ake osungidwa ndi lamulo, mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pa mzere wapakati. Ambiri timayesa msewu umathera pomwe lathera phula. Ifenso tinkaganiza choncho. Chaka china tinakumba maziko a kachipinda kosambira ndi kutawasira pa mzikiti wathu, njerwa titaumba kale, ndiye mnyamata wina yemwe anagwirako ganyu ya msewu anati, "Shehe, mwayeza koma?" Tinatenga chingwe cha matchera n'kuyeza. Maziko onse anali m'kati. Zinatiwawa kukwirira dzenje lomwe tinakumba ndi manja athu, komabe kukwirira dzenje n'kopepuka kusiyana ndi kuonerera katapila akugwetsa khoma. Amene akumanga golosale kapena nyumba ya malata ndi ndalama za ku Joni, chonde yambani mwayeza. Womanga m'malo a msewu asadalire chipukuta misozi.

Pomwe msewu wapatuka n'kudya munda kapena nyumba yomwe inali kunja kwa malire amenewa, chipukuta misozi chimakhalapo, ndipo apa ndi pomwe mabanja amadanirana. Tsiku lomwe alembi abwera kudzawerenga katundu, mwini malo akhalepo yekha ndi chiphaso chake cha unzika. Mango aliyense, mgwalangwa, chitsime, nkhokwe, khola, zonse zilowe m'buku, ndipo musasaine pepala lomwe wina wokhulupirika sanakuwerengereni. Kuno kwathu minda yambiri ndi ya kuchikazi. Koma alembi akafika amafunsa kuti "bambo a pakhomo pano ndani?", ndipo dzina lolembedwa limakhala la mkamwini, yemwe mawa akhoza kulongeza chikwama. Amayi, malo akakhala a mbumba yanu, nenani pomwepo pamaso pa amfumu. Za manda ndiye zisadikire tsiku la alembi. Mudzi uliwonse womwe manda ake ayandikira msewu ukauze akhonsolo mapulani asanathe kujambulidwa, chifukwa kukhotetsa mzere pa pepala n'kotheka, koma akafika ndi makina zimakhala zina.

Chinthu china chomwe ife alimi timachidziwa kuposa wophunzira wochoka kutali ndi madzi. Msewu wokwezedwa uli ngati mzere waukulu wodula munda. Madzi ochoka kumapiri akaupeza amafuna potulukira, ndipo onse amasonkhana pa mpope umodzi n'kutuluka ndi mphamvu m'munda wa munthu mmodzi. Kumtunda chimanga chimamira, kumunsi kumang'ambika chigwembe. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inationetsa kuti madzi saiwala njira yawo yakale. Nkhalamba ya m'mudzi imadziwa pomwe madzi anadutsa zaka makumi atatu zapitazo. Oyeza msewu akabwera, muwatengere kumeneko, muwaloze. Ndipo mipope ilipoyi tisaitsekere ndi zinyalala za pa msika n'kumadzanena boma.

Tsopano malonda, poti ndi pomwe ambiri tayika mtima. Feteleza yemwe timathira m'munda amachokera kunja kudzera m'madoko omwewa, ndipo mbali ina ya mtengo wake ndi ya ulendo. Nandolo wathu wambiri amakathera ku India. Mu 2017 dziko limenelo litachepetsa nandolo wolowa, tonse tinaona matumba akufumbwa m'nyumba, mtengo utagwa pansi. Mu 2021 Malawi ndi India anasainirana zoti tizitumiza matani 50,000 pa chaka. Msewu wabwino umachepetsa mtengo wonyamulira katundu ameneyu, zoona. Funso n'lakuti chochepacho chimagwera m'thumba la ndani. Ngati aliyense akugulitsa chidebe chake payekha kwa venda wa sikelo yopachika pa mtengo, phindu la msewu limathera kwa mwini sikelo ndi mwini thiraki. Thiraki siima chifukwa cha matumba atatu. Imaima pomwe kalabu yasonkhanitsa matumba mazana, ouma bwino, opetedwa, pa nyumba imodzi yofikirika.

Asodzi nawonso asaiwale kuti msewu umapita uku ndi uku. Womwe ukutengera usipa wofutsa ku Lilongwe ndi ku Chipata ndi womwenso ungabweretse makatoni a nsomba za m'nyanja ya mchere zoumitsidwa ndi ayezi, zotsika mtengo, mpaka pa msika wa Mangochi. Usipa wathu ukakhala wamchenga chifukwa choyanika pansi, wogula adzatembenukira ku katoni. Thandala lokwera si chinthu cha mabungwe, ndi chitetezo cha msika wathu. Komanso ogula akachuluka pa doko, chiyeso chopha ndi tiana tomwe chimakula. Ife a ku Malombe sitifunika kuuzidwa: chambo chomwe chinkadzaza mabwato tili anyamata chinatha tikuona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, tinatsala ndi kambuzi. Phula siliswa nsomba. Makomiti a m'magombe, ma BVC aja, ntchito yawo yakula tsopano kusiyana ndi kale.

Ndiye pali mtunda uja wochoka pa doko kukafika pa phula. Nsomba zimaonongekera pamenepo, m'matope a Januwale, pa njinga ya kabaza yomwe yatitimira. Anzathu a ku Makanjira adandaula za msewu wawo kwa zaka zambirimbiri. Ndalama za mayiko zimatsata thiraki ya mayiko, ndipo timisewu ta m'midzi timatsalira khonsolo ya boma. Ngati nkhani ya kamlatho ka kwanu sinalowe mu VDC n'kukwera ku ADC, dziwani kuti palibe akuidziwa kumtunda. Ndipo tisamachite manyazi kufunsa, ndalama zake ndi zathu zomwe. Lita iliyonse ya petulo yomwe timathira mu injini ya boti ili ndi kagawo kopita ku thumba lokonzera misewu, ngakhale botilo siliponda phula. Amene amapita ku Lilongwe amalipiranso pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke.

Chomwe chimatisowetsa tulo kwenikweni ndi ana. Msewu wa maenje unali ndi ubwino umodzi, galimoto inkayenda ngati ng'ombe. Wosalalawu galimoto imangoti fyuu, ndipo thiraki yodzaza siima pomwe dalaivala waponda buleki, imatsetsereka kaye mtunda. Madzulo ena ana akuweruka ku madrasa, kamtsikana kena kanathamangira mnzake kutsidya. Kulira kwa matayala tsiku limenelo sitidzakuiwala. Mulungu anachita chifundo, panatsala chikhatho chimodzi. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti ana asamaweruke paokha: mkulu mmodzi amawaperekeza, amawaimika pamodzi, n'kuwawolotsa pa malo amodzi oonekera patali. Tinalembanso kalata yopempha mahampu ndi chikwangwani kudzera kwa amfumu, yankho tikudikirabe.

Pena olakwa ndife tomwe. Kamsewu ka m'mbali kaja anaikira njinga ndi oyenda pansi, ife tayanikapo chimanga ndi makaka, tayalapo tomato ndi mabenchi a kanyenya. Wanjinga akapeza mphasa ya chimanga amalowa pakati pa msewu, kumene kuli thiraki. Anyamata a kabaza amayenda usiku atanyamula mabasiketi a usipa opingasa, opanda nyali, opanda ngakhale kagalasi konyezimira kumbuyo, komwe mtengo wake sufika pa mbale imodzi ya usipa womwewo. Ndipo inu okhala kumunsi kwa mapiri a Namwera mukudziwa fungo la mabuleki opsa. Pamenepo si poyika msika.

Malo oimapo mathiraki ndi bwino tiwapemphe tokha, aikidwe kunja pang'ono kwa mudzi, okhala ndi mjigo, zimbudzi ndi kuwala. Amayi adzagulitsa mpunga ndi nsomba yowamba mwaulemu, masana. Tikangosiya, madalaivala adzadzisankhira okha poima, ndipo kawirikawiri pamakhala pamdima pafupi ndi nyumba za anthu. Zomwe zimatsatira pamenepo, makolo a ana aakazi tikuzidziwa, sitichita kulemba.

Lachisanu likubwerali tikatuluka mu mzikiti tidzayenda ndi chingwe chija kuchoka pa msika mpaka pa mlatho waung'ono, kuyeza mamita 30 mbali zonse ndi kuona mipope yomwe yatsekeka mvula isanagwe. Amfumu avomera kubwera. Amene ali ndi makasu ndi mafosholo abwere nawo, ndipo wina atibwerekeko wilibala.