Bwalo la Ndime Yotsiriza: ku America Afuna Denga, ku Harare Afuna Ngalande ndi Zipata

HARARE: Nyengo ya mpira wamiyendo ikamafika kumapeto, akuluakulu oyendetsa masewero amakhala ndi ntchito yosankha bwalo lochitirapo masewero a ndime yotsiriza. M'dziko la United States mkangano umakhala pa denga. Koma kwa anthu okhala m'madera odzaza ndi anthu a mu mzinda wa Harare, monga Mbare, Highfield ndi Mufakose, nkhani imagona pa zinthu zina.

Ku America, mpira wa ophunzira a m'makoleji, womwe ndi wosiyana ndi mpira wamiyendo wa kuno, umafika pa ndime yotsiriza mu Disembala ndi Januwale, nthawi ya chisanu choopsa. N'chifukwa chake mabungwe ambiri amasankha mabwalo ofolera. Bungwe la Southeastern Conference linachititsa masewero ake otsiriza pa bwalo la pamtetete ku Birmingham mu 1992 ndi 1993, koma mu 1994 linasamukira m'bwalo lofolera ku Atlanta. Nalo bungwe la Big Ten linayamba masewero otere mu 2011 m'bwalo la Lucas Oil ku Indianapolis, lomwe lili ndi denga. Okonda denga amati owonerera sazizidwa ndipo matikiti amagulika. Otsutsa amati mphepo ndi mvula ndi mbali ya masewerowo.

Ku Harare kulibe bwalo la mpira lofoleredwa lonse. Holo ya City Sports Centre ili ndi denga, koma imangokwanira zochitika monga nkhonya, basketball ndi zoimbaimba. Vuto la kuno ndi mvula, chifukwa ligi ya dzikolo imatha chakumapeto kwa chaka, pomwe dzinja layamba. Choncho chinthu choyamba chomwe akuluakulu amayang'ana ndi momwe bwalo limachotsera madzi.

Mbiri ya bwalo la Rufaro ku Mbare, lomwe ndi la khonsolo ya mzinda, ikusonyeza kukula kwa vutoli. Mu 2008 anayalapo kapinga wochita kupanga ndi thandizo la bungwe la FIFA, pofuna kuti bwalolo lizigwira ntchito nyengo zonse. Kapingayo atatha, osewera anayamba kudandaula kuti akuvulala, ndipo anachotsedwa mu 2017. Pambuyo pake bwalolo linakhala zaka zingapo lili lotseka, kufikira pomwe masewero a ligi anabwerera mu 2024. Nalo bwalo la Gwanzura ku Highfield, pafupi ndi masitolo a Machipisa, linatha zaka zambiri osalandira matimu akuluakulu chifukwa chosakonzedwa.

Chachiwiri ndi mtunda. Rufaro lili pakati pa nyumba za anthu, pafupi ndi msika ndi depoti ya mabasi ya Mbare Musika. Ndi kwawo kwa timu ya Dynamos, yomwe inakhazikitsidwa mu 1963, komanso ndi pomwe panachitikira mwambo wa ufulu wa Zimbabwe mu Epulo 1980. Anthu a ku Mbare, omwe ena mwa iwo ndi ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'dzikolo, amangoyenda pansi kukafika pabwalo. Masewero akasamutsidwira ku National Sports Stadium, bwalo la anthu pafupifupi 60,000 lomwe linatsegulidwa mu 1987 kuzambwe kwa mzindawo, wowonerera amayenera kupeza ndalama ya minibasi kuwonjezera pa ya tikiti. Kwa banja lodalira malonda a pamsika, kusiyana kumeneku n'kokwanira kulilepheretsa kupita.

Chachitatu, chomwe chiposa zonse, ndi chitetezo. Pa 9 Julayi 2000, anthu 13 anamwalira pa National Sports Stadium pa masewero a Zimbabwe ndi South Africa, apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi ndipo khamu la anthu litapanikizana pothawira ku zipata. Ngoziyo inaonetsa kuti kukula kwa bwalo pakokha sikuteteza moyo ngati njira zotulukira ndi kayendetsedwe ka chikhamu zili zoperewera.

Nkhani za chitetezo ndi zipangizo ndizo zinachititsa bungwe la mpira mu Africa la CAF kuletsa mabwalo a ku Zimbabwe kulandira masewero a pakati pa mayiko mu 2020. Mwa zina, bungweli linkafuna mipando ya munthu mmodzimmodzi ndi zipata zamakono zowerengera anthu. Zotsatira zake, timu ya dziko ya Warriors inakalandirira Nigeria ku Huye m'dziko la Rwanda mu 2023, ndiponso Lesotho ku Johannesburg mu 2024. Ochemerera a ku Mbare ndi Highfield anangotsatira masewerowo pa wailesi ndi pa kanema.

Motero mafunso a wosankha bwalo ku Harare ndi atatu: kodi madzi a mvula atuluka, kodi anthu afika popanda kuwononga ndalama ya ufa, nanga abwerera kwawo ali moyo? Mayankho ake ali m'manja mwa khonsolo ndi boma, omwe ndi eni mabwalowo, ndipo mtengo wa ngalande, mipando ndi zipata ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa denga.