Ana a sukulu anabwera kudzawerengera chiponde cha azakhali

Azakhali anga ndi msungichuma wa gulu la amayi opanga chiponde pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Chuma cha gululi chimagona malo awiri: mufoni, pa Airtel Money, ndi m'kope la mizere lokutidwa ndi khaki, limene amalisunga m'jumbo pansi pa matiresi. Kopelo palibe mlendo anali atalitsegulapo mpaka tsiku limene kunafika achinyamata anayi ochokera kuyunivesite ina, malaya ositasita, nsapato zili mbuu ndi fumbi la pasiteji.

Anali a chaka chachitatu, ophunzira za bizinesi. Aphunzitsi awo anawatuma kuti apeze gulu kapena kabizinesi kalikonse, ayende nako semesita yonse, apeze pamene pakuvuta, kenaka apereke malangizo. Iwo salandira kanthu, gulu nalo silipereka kanthu. Malipiro awo ndi malikisi, ndi kamzere kamodzi kodzalemba pa CV.

Mtsikana amene ankatsogolera anzake anayamba ndi funso losavuta kumva: botolo limodzi la chiponde limadya ndalama zingati kuti lifike pathebulo logulitsira? Amayi aja anangoyang'anizana. Mtengo wa ndowa ya mtedza ankaudziwa onse, wa Chalimbana ndi wa CG7 womwe, ngakhale kuwadzutsa pakati pa usiku. Mtengo wogulitsira ankaudziwanso. Koma za botolo limodzi anali asanaziganizepo. Mtengo wawo anautengera m'golosale, n'kungotsitsako pang'ono kuti anthu azibwera kwa iwo.

Anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, kope pakati, n'kuyamba kuwerengera chimodzichimodzi. Mtedza. Makala okazingira. Mchere. Mayunitsi a magetsi oyendetsera makina ogayira. Botolo, chivindikiro chake, ndi kapepala komata kamene amakasindikiza kutauni. Ya minibasi ya mayi amene amakatenga mabotolo ku Lilongwe, kuphatikizapo ya kabaza pobwera nawo kuchoka pasiteji. Mnyamata mmodzi anafunsa za mulu wa mtedza umene unali pachipeta pambali, wofota ndi wachuku, umene amayi amachotsa posankha. Uwo unagulidwa ndi ndalama, koma m'botolo sulowa. Anaulembanso.

Zovuta zinali zimene m'kope munalibe. Botolo lopatsa mlendo wochokera kuboma. Botolo lotumiza kusiwa. Mabotolo a ngongole kwa anthu apantchito, aja amati tionana mwezi ukatha, mwezi n'kutha osaonana. Ndipo thukuta la amayi eniake, amene amakazinga ndi kupeta kuyambira m'mamawa, silinawerengedwepo ngati chinthu chokhala ndi mtengo. Pamene dzuwa linkapendeka, samu inatuluka: botolo laling'ono, limene linkayenda malonda kwambiri ndipo amayi ankalinyadira, ankaligulitsa moluza. Lalikulu ndilo linkabereka gulu lonse kumsana.

Azakhali anakhala chete kanthawi, kenaka anaseka chikhakhali chamanyazi. Chimene chinachitika n'chodziwika kwa aliyense wochita geni m'dziko muno. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022. Mabotolo apulasitiki, thiransipoti ndi zosindikiza zinakwera kangapo. Gulu linakweza mtengo wake kamodzi kokha, mwamantha, poopa kuthawidwa ndi makasitomala amene ndi abale ndi anansi omwewo. Pa botolo laling'ono, pulasitiki ndi chivindikiro zinali zitadya kale gawo limene kale linali phindu.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka ana aja sikanali nzeru zakuya. Anangofunsa funso limene eni nyumba anasiya kudzifunsa.

Mchitidwe wotumiza ophunzira za bizinesi kukapereka upangiri kwaulere si wadzana. Ku America, mu 1972, nthambi ya boma yoona za mabizinesi ang'onoang'ono inayamba kugwirizana ndi mayunivesite kuti magulu a ophunzira azikathandiza eni masitolo ndi timafakitale, aphunzitsi akuyang'anira. Mu 1975 kunabadwa bungwe la Students in Free Enterprise, limene mu 2012 linasintha dzina kukhala Enactus, ndipo lili m'mayunivesite a mayiko ambiri, a mu Africa momwe. Lina lodziwika ndi 180 Degrees Consulting, limene Nat Ware analiyambitsa mu 2007 ali wophunzira pa University of Sydney ku Australia. Maganizowo anamudzera atagwirako ntchito zachifundo kwa anansi athu ku Mozambique, kumene anaona kuti vuto la mabungwe ang'onoang'ono si kuchepa kwa ndalama kokha, komanso kayendetsedwe ka ndalama zochepazo. Lero bungweli lili ndi nthambi zoposa 100 m'mayunivesite a mayiko osiyanasiyana, ndipo limathandiza mabungwe osapanga phindu kwaulere kapena pa mtengo wotsika kwambiri.

Chifukwa chake n'chomveka mbali zonse ziwiri. Wophunzira amatha zaka zinayi akuwerenga za makampani akuluakulu akunja, amene mavuto awo analembedwa kale bwinobwino m'buku, manambala onse ali pamzere. Akafika pamkeka amapeza manambala osowa, malisiti odyedwa ndi chiswe, ndi wapampando amene sakufuna kuti za ngongole ya mlamu wake zitchulidwe. Pamenepo ndiye pali sukulu. Kumbali inayo, kagulu ka kumudzi, koparetivi ya alimi, kapena kabungwe kosamalira ana amasiye sikangakwanitse mlangizi wolipidwa, amene nthawi zambiri amatchula mtengo wake pa tsiku, mwinanso m'madola. Pomwe zofunika kwa iwo zikungochuluka: mabungwe omwe si aboma amayenera kupereka malipoti a chaka ndi chaka ku NGORA, makoparetivi ali ndi malamulo awo osungira mabuku, ndipo banki kapena wopereka thandizo aliyense amayamba wafunsa pulani ya bizinesi.

Kuno kwathu ophunzira otere sasowa. MUBAS ku Blantyre, imene tinkaidziwa kuti Polytechnic isanaime payokha mu 2021, imatulutsa akauntanti ndi oyendetsa mabizinesi chaka ndi chaka. Ku Bunda, LUANAR imaphunzitsa za ulimi wabizinesi. Palinso Mzuni ndi mayunivesite amipingo ndi a anthu wamba ochuluka. Ambiri mwa ophunzirawa amavutika kupeza malo a atachimenti m'makampani, kumene ena amatha miyezi akufotokopa mapepala ndi kupanga tiyi. Ine ndikanakhala mphunzitsi, bwenzi ndikusankha kope la azakhali kusiyana ndi makina ofotokopera.

Koma nkhani ya pamkeka ija sinathere pa botolo. Patapita milungu itatu ana aja anabweranso ndi mapulani, ndipo apa ndi pamene kalumo kanayamba kubuntha.

Poyamba anati gulu lizilemba zonse mu Excel. Gulu lilibe kompyuta, ndipo mafoni ambiri a amayiwo ndi amabatani. Kenaka anati atsegule tsamba la Facebook kuti apeze makasitomala a mumzinda. Wapampando anafunsa mwaulemu kuti kasitomala wa ku Area 25 akafuna mabotolo awiri, adzalipire minibasi ndani. Chachitatu, chimene ophunzirawo ankachikonda kwambiri, chinali cholowetsa chiponde m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe. Izi amayi anaziganizapo kale zaka zapitazo. Sitolo yaikulu imafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo kuti uchipeze pamafunika nyumba yopangira yoyenera ndi kuyezetsa katundu, makamaka chuku, chimene pa mtedza ndi nkhani yaikulu chifukwa poizoni wake amaononga chiwindi. Imafunanso barcode, imafuna katundu wosadukiza, ndipo kawirikawiri imalipira patapita masabata, pomwe gulu limadalira ndalama za lero kuti ligule mtedza wa mawa.

Langizo lachinayi linali lanzeru papepala: gulani mtedza wambiri nthawi yokolola, cha mu May ndi June, mtengo uli pansi, musunge mpaka nthawi ya dzinja pamene umakwera. Mayi wina wachikulire, amene masana onse sanayankhulepo, anawafotokozera modekha ngati akulangiza adzukulu. Mpamba wogulira matumba ambiri nthawi imodzi alibe. Akaukongola kubanki m'khonde, chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi chidya phindu lonse mvula isanagwe. Ndipo mtedza wogula kwa mavenda nthawi zina umakhala wowazidwa madzi kuti usweke msanga ndi kulemera pasikelo. Ukausunga m'nyumba yodontha, pofika January ndi chuku chokhachokha. Mnyamata uja analemba zonse, ndipo ndimamupatsa ulemu chifukwa sanatsutse. Anafunsa kuti, nanga amayi, inu mungatani? Yankho linali loti agwirizane ndi alimi atatu kapena anayi odziwika, oumitsa bwino, amene angasunge mtedza ndi makoko ake n'kumaswa pang'onopang'ono gulu likafuna. Mfundo imeneyi inalowa mu lipoti. Kuti analemba dzina la ndani pambali pake, sindinafunse.

Apa pali chimene chimandivuta ndi mawu akuti "kwaulere". Ulendo uliwonse amayi khumi ndi awiri ankasiya kukazinga, kusiya kudimba, n'kukhala pamkeka maola anayi. Alendo sangabwerere ndi njala, choncho nkhuku imodzi inaferapo, ndi zakumwa zogula pagolosale. Anaulula zinsinsi zawo, za ngongole ndi za mikangano, kwa ana amene sanawaonepo. Ophunzira nawonso ankalipira. Ya minibasi ndi ya bando ya intaneti zinkachoka m'thumba mwawo, ndipo ndinamva kuti gulu lawo linali la anthu asanu: wachisanu, amene amadalira ngongole ya boma ya ophunzira ndipo amadya kamodzi patsiku, anabwera ulendo umodzi wokha, kenaka anapatsidwa ntchito yotaipa. Ntchito yosalipidwa imakomera amene kwawo kuli kangachepe. Mwana wa mlimi, amene akanamva msanga za mtedza wowazidwa madzi, ndi amene amatsala kuhositelo. Yunivesite imene ikufuna kutamandidwa kuti ikutumikira anthu ingathe kupeza ya thiransipoti; si ndalama yoti n'kugwetsa bajeti.

Palinso malire amene ayenera kunenedwa tsiku loyamba. Wophunzira si akauntanti wovomerezeka, sangasaine mabuku a bungwe ngati owunikidwa, ndipo akalakwitsa pa nkhani ya msonkho amene adzayankhe ku MRA ndi mwini bizinesi. N'chifukwa chake mphunzitsi woyang'anira ayenera kuona langizo lililonse lisanafike kwa eni ake, ndipo bwenzi atapondako yekha kamodzi. Kwa azakhali mphunzitsiyo sanafikeko. Ankangomutchula dzina la udindo, ngati mfumu ya kutali.

Semesita inatha. Ana aja anakaonetsa ntchito yawo m'kalasi, atavala masuti, ndipo ndikukhulupirira anakhoza bwino. Amayi sanaitanidwe. Patapita mwezi, kondakitala wa minibasi anabweretsa envulopu: lipoti lokhuthala, lomangidwa ndi pulasitiki yakuda, lonse m'Chingerezi, lodzaza ndi matebulo ndi zithunzi za mitundumitundu. M'gulu lonse owerenga Chingerezi momasuka ndi awiri. Mlendo ndi mame ndithu. Pamene mafunso enieni ankayamba, oti tikweze bwanji mtengo osakhumudwitsa anthu, tiwauze chiyani a ngongole, panalibe womufunsa. Chaka chotsatira kukabwera gulu lina la ophunzira, lidzayambiranso pa funso loyamba, ngati kuti palibe amene anapondapo, pokhapokha yunivesite itamasunga mbiri ya magulu amene yawayendera ndi kutumiza otsatira kukapitiriza pamene anzawo analekezera.

Chimene chinatsala ndi china, chimene mwina mu lipoti mulibe n'komwe. Tsiku lomaliza, akudikira kabaza, mtsikana uja anapempha kope lija ndi rula. Anatsegula tsamba latsopano, n'kujambula mizere isanu yotsika, pamwamba pake n'kulemba m'Chichewa: zogula, zoyendera, zotayika, zangongole, zogulitsa. Anadzaza mzere woyamba pamodzi ndi azakhali, wachiwiri azakhali anadzaza okha iye akuyang'ana. Sizinathe mphindi makumi awiri.

Botolo laling'ono analikweza mtengo, makasitomala anadandaula milungu iwiri, kenaka anazolowera. La alendo tsopano limalembedwa, ndipo alendo olandira botolo achepa. Za ngongole nkhondo ikadalipo, chifukwa wangongole wamkulu ndi mkazi wa mwini nyumba imene muli makina.

Nditapitako mwezi watha ndinapeza azakhali pakhonde, magalasi pamphuno, bolopeni kukhutu, akuwerengera chifukwa mtengo wa zivindikiro wakweranso. Ndinafunsa za lipoti lija. Analoza m'nyumba: lili pansi pa matiresi, pamalo pamene pankakhala kope. Kope lenilenilo masiku ano limakhala pathebulo. Kenaka anandipempha kuti ndikafufuze nambala ina ya mtsikana uja, chifukwa imene anawasiyira sikugwira, ndipo akufuna amufunse ngati thukuta lawo liyenera kukhala ndi mzere wakewake kapena lilowe pa zogula.