Ngolo zoyenda pa chingwe m'mwamba: n'chifukwa chiyani zimaima, nanga mzere umatalikiranji?



Mabanja ambiri kuno ku Ntcheu ali ndi mwana, mlamu kapena malume amene ali ku Joni. Amene adafika mpaka ku Cape Town sachedwa kutumiza chithunzi chija cha ngolo yobulungira ngati mphika, italendewera pa chingwe, ikukwera phiri la Table Mountain. Kumeneko amaitcha cable car. Kuno ku Malawi zoterezi tilibe, choncho tikaziona pa foni timangofunsana kuti, nanga chingwecho chitaduka? Koma amene adakwerako amadandaula zina: mzere wautali, kutseka mwadzidzidzi munthu atagula kale tikiti, ndi kutentha ngolo ikaima m'malere. Tikamvetsa mmene makinawa amagwirira ntchito, tiona kuti zambiri mwa zodandaulitsazi ndi zomwezo zimene zimasunga moyo wa okwera.

Mitundu iwiri ya ngolo

Ngolo za pa Table Mountain zidayamba kuyenda pa 4 Okutobala 1929, ndipo zimene zikuyenda lero zidaikidwa mu 1997. Zilipo ziwiri zokha. Imodzi ikamakwera, inzake imakhala ikutsika, ndipo zimadutsana pakati pa njira. Ganizani za ndowa ziwiri zomangidwa ku chingwe chimodzi chokoloweka pa gudumu la pachitsime: kulemera kwa yotsika kumathandiza kukweza inzake. Ngoloyo payokha ilibe injini. Magudumu ake amayenda pa zingwe zachitsulo zonenepa zimene sizisuntha, monga sitima pa njanji, ndipo chingwe china, chozunguzidwa ndi mota imene ili pa siteshoni, ndicho chimaikoka.

Ngolo iliyonse imanyamula anthu 65. Siteshoni ya pamwamba ili pa mamita 1,067 kuyeza kuchokera pa nyanja, koma ulendo wake ndi wa mphindi zisanu zokha. Wokwera wapansi kudzera mu mpata wa Platteklip amatha maola awiri kapena kuposerapo. Amene mudatsikapo msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti mukudziwa mmene msewu umakhotera ukakumana ndi phiri. Chingwe sichikhota, chimangolunjika.

Mtundu wachiwiri umatchedwa gondola, ndipo umapezeka kwambiri m'malo akuluakulu a zisangalalo. Chitsanzo chodziwika chili ku Walt Disney World, m'chigawo cha Florida ku America, kumene Disney Skyliner idatsegulidwa pa 29 Sepitembala 2019. Kumeneko kulibe phiri. Ntchito yake ndi kunyamula alendo kuchokera ku mahotela kupita ku mapaki awiri, Epcot ndi Hollywood Studios, kudutsa pamwamba pa misewu ndi madzi. M'malo mwa ngolo ziwiri zikuluzikulu, pali tingolo pafupifupi 300, kalikonse kotenga anthu osapitirira 10. Chingwe chake chimangozungulira osaima. Kangolo kakafika pa siteshoni, chopanira chake chimamasuka, kamasiya chingwecho n'kumayenda pang'onopang'ono kuti anthu atsike ndi kukwera, kenako kamaonjezera liwiro n'kupananso chingwe. Mumzinda wa La Paz ku Bolivia, tingolo totere takhala tikunyamula anthu opita ku ntchito ndi ku sukulu kuyambira mu 2014.

Khamu limatsala pansi

Pa msewu wa M1 anthu akachuluka, tonse tikudziwa zimene zimachitika. Kondakitala amati "tasunthani pang'ono mayi", mpando wa anthu atatu n'kukhalapo anayi, thumba la kachewere wa pa Lizulu lili pamiyendo. Ngolo ya pachingwe silola zimenezi. Akatswiri adawerengeratu kulemera kumene chingwe, chopanira ndi mabuleki zingapirire, ndipo chiwerengero chikakwana, chitseko chimatsekedwa ngakhale wotsatira pa mzere akhale bwana.

Ndiye khamu likakanizidwa kulowa limapita kuti? Limatsala pansi, pa mzere. Ngolo za pa Table Mountain zimatha kukweza anthu pafupifupi 800 pa ola limodzi. Apa ngakhale a Fomu 1 awerengera: ngati patsogolo panu pali anthu 1,600, mudikira maola awiri chifukwa cha ulendo wa mphindi zisanu. Mizere yotere imaoneka pa tchuthi cha Disembala, makamaka tsiku limene kunja kwacha bwino pambuyo pa masiku a mphepo, pakuti onse amene adabwezedwa dzulo ndi dzana amabwera nthawi imodzi.

Pa gondola mzere umayenda mosalekeza chifukwa kangolo kena kamafika pakangopita timasekondi. Komabe m'mawa paki ikamatsegulidwa ndi usiku ikamatsekedwa, anthu onse amafuna kuyenda mbali imodzi pa nthawi imodzi. Pamenepo ogwira ntchito amaphatikiza mabanja osadziwana m'kangolo kamodzi kuti pasapite malo opanda munthu. Banja lofuna kukhala palokha liyenera kusankha nthawi imene anthu achepa.

Mkati mumakhala bwanji?

Pa Table Mountain anthu amakwera choimirira. Kuti asalimbiranire zenera, pansi pamene amapondapo pamazungulira pang'onopang'ono, moti pofika pamwamba aliyense amakhala ataona mbali zonse: phiri, mzinda ndi nyanja. Ndi nzeru yabwino, chifukwa idachotsa chimene anthu akadakanganirana m'malo moika mlonda woti aziwaletsa.

Tingolo ta Skyliner tili ndi mabenchi, koma tilibe makina oziziritsa mpweya, ngakhale ku Florida kumatentha ngati kuchigwa cha Bwanje mu Okutobala. Makina otero amafuna magetsi ambiri ndipo amalemera, pamene kangolo kolendewera sikalumikizika ku waya wa magetsi. M'malo mwake adaika timazenera tolowetsa mpweya ndi magalasi obweza dzuwa. Kangolo kakamayenda, kamphepo kamalowa ndipo mkati mumakoma. Kakaima, kamphepo kaja kamathanso. Choncho kukhala bwino kwa okwera kumadalira kuti chingwe chisaime nthawi yaitali.

Apa ndi pamene pali kufooka kwa gondola. Minibasi imodzi ikafa pa Kampepuza, zinzake zimaidutsa. Pa chingwe palibe kudutsana: kamodzi kakavuta, tonse timaima. Pa 5 Okutobala 2019, patangopita masiku asanu ndi limodzi chitsegulireni Skyliner, kangolo kena kadakanirira pa siteshoni, tina tidadzaunjikana pambuyo pake, ndipo okwera ena adakhala m'malere pafupifupi maola atatu usiku. Palibe adataya moyo, koma eni ake adatseka kwa masiku angapo kuti afufuze.

Mphepo, mphezi ndi masiku otseka

Mdani wamkulu wa ngolo yolendewera ndi mphepo yoomba cham'mbali, chifukwa imaigwedeza ngati katungwe. Ku Cape Town kuli mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa, imene eni dera amaitcha Cape Doctor. Pansi pa ngolo iliyonse pali thanki ya madzi: madziwo amalemeretsa ngolo kuti isagwedezeke kwambiri, komanso ndi amene anthu amagwiritsa ntchito pamwamba pa phiri. Koma mphepo ikapyola muyeso, thanki silithandiza. Amaliza hutala yoitana amene ali pamwamba kuti atsike, kenako amatseka. Ku Florida chimene chimatseketsa kawirikawiri ndi mphezi, ndipo alendo amawasamutsira m'mabasi.

Kuonjezera apo, ngolo za pa Table Mountain zimatsekedwa pakati pa chaka, m'nyengo yozizira, kuti akatswiri ayeze zingwe, magudumu ndi mabuleki, n'kusintha zimene zayamba kutha. Mlendo amene wasunga ndalama chaka chonse n'kupeza chitseko chili chotseka amakhumudwa, ndipo m'pomveka. Koma msodzi wa ku Mangochi amene amakoka bwato lake kumtunda mwera ukayamba sitimunena kuti ndi wosadalirika. Timati amaidziwa nyanja.

Pamene ena adakana kuima

Pa 23 Meyi 2021, pa phiri la Mottarone pafupi ndi tauni ya Stresa ku Italy, chingwe chokoka ngolo chidaduka ngoloyo itatsala pang'ono kufika pamwamba. Ngolo za mtundu umenewu zimakhala ndi buleki ya padera imene imaluma chingwe chosasuntha chija chingwe chokoka chikaduka. Tsiku limenelo buleki sidagwire. Ngoloyo idabwerera m'mbuyo mwaliwiro, idagwa, ndipo anthu 14 mwa 15 adamwalira. Adapulumuka ndi mwana mmodzi yekha. Ofufuza adapeza kuti bulekiyo idatsekerezedwa dala ndi chitsulo. Inkavuta, inkangogwira yokha n'kumaimitsa maulendo, ndiye m'malo motseka kuti akonze, ogwira ntchito adaitsekereza kuti ngolo iziyendabe. Kwa milungu ingapo alendo adaona ngolo yosunga nthawi, yosaimaima. Ndiyo idawapha.

Ku Battagram, m'mapiri a ku Pakistan, anthu amawoloka zigwa pa tingolo tokhomedwa ndi amisiri a m'midzi chifukwa misewu ndi milatho n'zosowa. Pa 22 Ogasiti 2023 chingwe cha kangolo kena chidaduka, ndipo anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana opita ku sukulu, adalendewera pamwamba pa chigwa kuyambira m'mawa mpaka usiku. Onse adapulumutsidwa. Ana amenewa sadakwere pofuna kusangalala. Imeneyo ndiyo idali njira yawo ya ku sukulu tsiku ndi tsiku, ndipo kusamalidwa kwa chingwecho kudali m'manja mwa akuluakulu.

Zotengapo ife

Tikabwerera ku funso lija lakuti nanga chingwe chitaduka, yankho n'lakuti chingwe choyezedwa pa nthawi yake siciduka wamba, ndipo opanga makinawa adaikamo zotetezera zina zodikira tsiku loipa. Ngozi zina zikuluzikulu zimabwera munthu akachotsa chotetezeracho pofuna kusunga nthawi kapena ndalama.

Amene muli ndi abale ku Cape Town ndipo mukufuna kudzakwera tsiku lina, funsani m'mawa wa tsikulo ngati ngolo zikuyenda musananyamuke. Lawirirani, tengani madzi akumwa ndi juzi chifukwa pamwamba pamazizira ngakhale pansi pakutentha, ndipo musasiye ulendowu kuti mudzapite tsiku lomaliza la tchuthi chanu.

Ambirife sitidzafika kumeneko, koma galimoto timakwera mlungu uliwonse. Makolo ndi akuluakulu a komiti, pobwereka galimoto ya ulendo wa sukulu kapena wa mpira, werengani mipando kaye kenako muwerenge ana. Ana akaposa mipando, pafunika galimoto yachiwiri kapena ulendo wachiwiri. Funsani za mabuleki ndi matayala musanafunse za mtengo. Inu ophunzira, minibasi ikadzaza mopyola muyeso, dikirani ina. Dalaivala akaima pa njira kuti aone buleki imene ikumukayikitsa, musakhale m'gulu la omukuwiza kuti akuchedwetsani. Paja kuthamanga si kufika.