Mavolti a batire ndi mtunda umene njinga yamagetsi ingayende

Wogula njinga yamagetsi amafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi batire limufikitsa pati? Timizere toonetsa moto pachiwongolero timangoyerekeza. Nambala ya mavolti ndiyo yoyenera kuidalira.

Batire la lithiamu lolembedwa 48V likadzaza limaonetsa 54.6V. Likatsikira pa 48V, mwatsala ndi moto pafupifupi theka, ndipo cha m'ma 40V njinga imazima yokha kuti batire lisawonongeke. Werengani nambalayi mutaima kwa mphindi zingapo, pakuti mota ikamakoka, mavolti amatsika kwakanthawi. Akafika pansi pa 44V amagwa mofulumira kwambiri.

Kuti mudziwe mphamvu yonse, chulukitsani mavolti ndi nambala ya Ah yolembedwa pabatirepo. Batire la 48V ndi 10Ah limasunga 480Wh. Pamsewu wopanda zitunda, kilomita imodzi imadya pafupifupi 12Wh, kutanthauza makilomita 40.

Komatu Rumphi ndi dera la mapiri. Kukwera msewu wa Gorodi kuchoka ku Chitimba kukafika ku Livingstonia, chitunda cha mamita oposa 700, kungadye theka la batire lotere, makamaka mutasenza katundu. Wonyamuka ku Chitimba batire likuonetsa 48V adzamaliza ulendowo akukankha, ndipo njinga zimenezi nzolemera.