Tsiku Limodzi pa Mapiri a Dzalanyama

Ife a ku Namitete, amene tinabadwira m'chigwa cha fodya ndi chimanga, tikafuna chitunda choyeserapo mawondo timayang'ana kummwera, kumene mapiri a Dzalanyama agona m'malire a Malawi ndi Mozambique, m'nkhalango imene boma linaiteteza m'chaka cha 1922. Ine ndinanyamuka tambala woyamba, ndodo m'manja, chinangwa ndi madzi m'thumba, pakuti wokwera phiri dzuwa litakula amalipira ndi thukuta. Mkuluwiko uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndinaumvetsa pamtsetse, pamene ndinalikukwera mokhotakhota pakati pa miombo ndi masuku, ndikupuma pang'ono apa ndi apo, kufikira ndinaima pamsonga, mphepo ikundiwomba, mitsinje imene imabala mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake amamwa a mumzinda wa Lilongwe, ili pansi pa mapazi anga. Kumeneko ndiko makolo amati kuli Kaphirintiwa, kumene Chauta anatsitsira anthu ndi nyama, mapazi awo nadindika pathanthwe. Koma utsi wa makala, wofuka m'zigwembe, unandiwawa mtima. Potsika, ndithu, mawondo analira koposa pokwera.